Kupitiriza kapena kusiya kafukufuku wa matenda oiwalaiwala

Munthu amene walowa m'kafukufuku wa matenda oiwalaiwala, omwe madokotala amawatcha dementia, ali ndi ufulu wotulukamo tsiku lililonse popanda kufotokoza chifukwa, ndipo thandizo limene amalandira kuchipatala silichotsedwa. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limaletsa kuyesera munthu zamankhwala kapena zasayansi iye asanavomere, ndipo mfundo za Helsinki zotsogolera kafukufuku wa zamankhwala, zomwe bungwe la madokotala a padziko lonse la World Medical Association lidakhazikitsa mu 1964, zimati wovomera akhoza kusintha maganizo nthawi iliyonse.

Chovuta ndi chakuti matendawa amafooketsa nzeru pang'onopang'ono. Agogo amene adadinda chala pa fomu chaka chatha akumvetsa zonse, lero mwina sakuzindikiranso anthu obwera ndi mapepalawo, choncho ofufuza ayenera kuwafunsanso paulendo uliwonse, m'mawu osavuta, ngati akufunabe kupitiriza. Wodwala akafika poti sangathe kudzisankhira, wachibale wowasamalira ndiye amavomera m'malo mwawo, koma ayenera kutsata zimene mwiniwakeyo ankafuna ali bwino, osati zokomera banja. Ngakhale pamenepo kukana kwa wodwala kumalemekezedwa, ndipo sikuti kumamveka pakamwa pokha: gogo akamabweza mkono ataona jakisoni, akamalira pofunsidwa mafunso, kapena akamakana kukwera galimoto tsiku lililonse lopita kukafukufuku, amenewo ndi mayankho omwe sayenera kunyalanyazidwa.

Musanasankhe, kambiranani ndi ofufuza, chifukwa nthawi zina nkotheka kusiya mbali imodzi, monga kutengedwa magazi, nkumapitiriza kuyankha mafunso. Ngati wodwala akumwa mankhwala a kafukufuku, musawasiyitse mwadzidzidzi musanauze dokotala. Funsaninso zimene zidzachitike ndi magazi komanso mayankho omwe adatengedwa kale, popeza zina sizingachotsedwenso zikasakanizidwa ndi za anthu ena dzina litafufutidwa.

Kutopa kwa wosamalira nako ndi chifukwa chomveka chosiyira, ndipo palibe manyazi pamenepo. Ndalama yoyendera imene ofufuza amapereka ndi yobwezera zimene mwawononga panjira. Isakhale chifukwa chopitirizira wodwala akuvutika. Ngati mukuona kuti mukukakamizidwa, imbani nambala ya komiti yoona za ufulu wa olowa m'kafukufuku, monga NHSRC kapena COMREC, yomwe imalembedwa pa fomu ya chilolezo imene mudapatsidwa.