Kampata kakang'ono kamene kamasamutsa anthu mu World of Warcraft

Pa ntchito yathu yokonza magemu apaintaneti pali dandaulo limodzi losatha: "Mbali inayo mwaikondera." Mukapita kumbali inayo, mukamvanso zomwezo. World of Warcraft, gemu imene Blizzard Entertainment inatulutsa mu November 2004, ikutionetsa bwino gwero la nkhaniyi. Wosewera amasankha kukhala ku Alliance kapena ku Horde, magulu awiri osamwerana madzi.

Poyamba ankhondo otchedwa Paladin ankapezeka ku Alliance kokha, otchedwa Shaman ku Horde kokha. Zinali zokoma, mbali iliyonse inali ndi kamenyedwe kakekake. Koma walira mvula walira matope. Paladin anali ndi dalitso loziziritsa mkwiyo wa chilombo kuti chisatembenukire amene akuchimenya kwambiri. Shaman ankazika pansi timitengo totchedwa totem, ndipo kena, Windfury, kankapatsa omenya ndi zida mwayi woonjezera nkhonya ina. Ndiye tangoganizani wokonza chilombo choti anthu 40 alimbane nacho, chikhale chovuta mofanana kwa magulu a zida zosiyana chonchi. Mu January 2007 The Burning Crusade, gawo loonjezera la gemuyi, itatuluka, Horde inalandira Paladin kudzera mwa mtundu watsopano wa a Blood Elf, Alliance inalandira Shaman kudzera mwa mtundu watsopano wa a Draenei.

Chotsala chinali luso lobadwa nalo la mtundu uliwonse, ndipo apa mpamene ndikufuna tikhalitsepo. Wosewera ngati wansembe akakuwa mfuu yake yoopseza, mdani amathamanga uku ndi uko osatha kudzigwira. Koma mdaniyo akakhala wa mtundu wa Undead wa ku Horde, amangodina batani limodzi, Will of the Forsaken, mantha n'kutha, n'kubwereranso pakhosi pa wansembeyo. Kuyambira 2008 mtundu wa Human wa ku Alliance unapatsidwa luso lodzimasula ku zoterezi lofanana ndi kachida kamene ena onse ankayenera kuvala. Malo a kachidako a Human ankaikapo china choonjezera mphamvu.

Kwa munthu wosewera madzulo akaweruka kuntchito, kusiyana kotere n'kochepa, mwina sangakuzindikire n'komwe. Koma akatswiri olimbirana kukhala oyamba sasiya kampata ngakhale kakang'ono. Iwo akasamuka, magulu awo amasamuka nawo. Wofuna kulowa gulu labwino amalondola komweko, anzake n'kumutsatira. Zinachitikadi: kwa zaka zambiri magulu otchuka olimbana ndi zilombo zovuta anadzazana ku Horde, ndipo chimodzi chowakoka chinali Arcane Torrent wa a Blood Elf, amene ankatseka pakamwa adani onse oyandikira kuti asalodze. Mu 2018 lusoli linasinthidwa, koma anthu sanabwerere. Abwerere kwa yani, anzawo onse ali kuno?

N'chifukwa chake ine sindikhutira ndikaona kuti mbali ziwiri zikupambana mofanana pa chiwerengero cha osewera onse. Ndimayang'ana kumene akatswiri ayamba kulowera, chifukwa nambala ya mu gemu timaisintha tsiku limodzi, koma kusamutsa anthu amene amanga ubale kwa zaka n'kovuta zedi.

Blizzard inayesa kunyengerera. Mu Battle for Azeroth, gawo lina loonjezera, mbali yochepa anthu mu War Mode, momwe osewera a mbali ziwirizi amamenyana akakumana, inkalandira mphotho yochulukirapo. Kenako mu 2022, ndi kusintha kwa gemu kotchedwa patch 9.2.5, analola a Alliance ndi a Horde kulowa gulu limodzi pokalimbana ndi zilombo komanso m'mipikisano ya osewera okhaokha.