"Anadzuka yekha" si umboni woti mutu uli bwino

Ndatopa nawo mawu awa: "Koma adokotala, anadzuka yekha, tinacheza naye bwinobwino." Ndawamva kambirimbiri ku casualty kumene ndimagwira ntchito muno mu Lusaka, ndipo owanenawo amakhala ataima pambali pa munthu amene sakutsegulanso maso. Njinga zamoto zachuluka, zonyamula chakudya ndi maphukusi zili piringupiringu pakati pa maminibasi pa Great East Road, Lumumba ndi Kafue Road. Za liwiro ndi mowa sindinena, mukuzidziwa. Nkhani yanga ndi ya maola otsatira munthu akagwa kale.

Chigaza chili ngati mphika womatira chivundikiro, mulibe malo otsala. M'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, fupa ndi lopyapyala, ndipo kunsi kwake kumadutsa mtsempha wa magazi. Munthu akamenyetsa pamenepo, fupa limatha kung'aluka n'kudula mtsemphawo, kunja kulibe ndi bala lomwe. Amakomoka pang'ono, mwina osakomoka n'komwe, amadzuka, amasasa fumbi. Magazi aja akutuluka pang'onopang'ono m'kati, alibe kolowera, ndiye amayamba kukankha ubongo. Ola limodzi, atatu, asanu, munthu akuyenda ndi kuyankhula. Nthawi imene inu mumati wapulumukayo ndi nthawi yokhayo imene ife tingamupulumutse mosavuta.

Pali mnyamata wina amene sachoka m'maganizo mwanga. Anali wa kwathu kum'mawa, ankakhala ndi mlongo wake ku Kanyama, ndipo ankaperekera maphukusi pa njinga yamoto ya Boxer ya abwana ena. Tsiku lina madzulo anaterereka pa mchenga umene mvula inakokolera mumsewu. Sanagundane ndi aliyense. Helemeti anavala, koma lamba sanamange, choncho inavuka iye asanafike pansi. Anadzuka, n'kuyamba kuona ngati galasi la njinga lasweka, poopa kudulidwa malipiro. Phukusi analifikitsa kwa mwini wake. Njinga anakaisiya kwa abwana.

Atafika kunyumba anati mutu ukuwawa. Mlongo wake anathamangira pa kantemba kukagula mapiritsi, anam'patsa aspirin. Cha m'ma 20 koloko anasanza. Anati ndi nsima imene wadya mothamanga. Atasanza kachiwiri n'kuyamba kuyankhula zosagwirizana, amalume ake anati: munthu angagwe bwanji payekha pamsewu woongoka? Pali dzanja la munthu apa. Anaitana bambo wina wa m'komboni momwemo, amene anam'tema mphini pachipumi, kupakamo zakuda, kulandira ndalama yake, n'kunena kuti musiyeni agone, mawa adzuka wamphamvu. Anagona, n'kuyamba kuliza mkonono umene sankaliza nthawi zonse, apabanja n'kumati tulo tabwera, mankhwala agwira.

Anafika naye kwa ife kutacha. Nditam'kweza zikope n'kuunika, kamwanadiso ka kumanja kanali katakula, sikankasuntha ndi kuwala. Pachipumi panali timizere tisanu ndi kamodzi ta lezala, takuda ndi makala. Anamwalira tsiku lomwelo. Mlongo wake anali atanyamula helemeti ija m'pulasitiki, kuti ationetse kuti mwana wawo sanali wosasamala. Ndinaitembenuza. Lamba wake anali atamangidwira kumbuyo kuti asamalendewere, chomangira chake chili chatsopano, chosagwirapo ntchito.

Kwa inu otema mphini, ndi inu a "ndimasisita mitsempha", ndi inu a tumashopu ta mankhwala amene mumabaya jakisoni wa diclofenac wopha ululu kuseri kwa katani: magazi amene aundana m'kati mwa chigaza satuluka ndi lezala, satuluka ndi mafuta. Chimene mumagulitsa ndi kuchedwa, ndipo mumagulitsa kwa anthu amene akuchita mantha. Aspirin amalepheretsa magazi kuundana, ndiye ganizani kum'patsa munthu amene mtsempha wake wadukira m'mutu. Pemphero sindikukaniza aliyense. Pempherani muli m'galimoto yopita kuchipatala.

Munthu akamenyetsa mutu n'kukomoka, ngakhale kwa kamphindi, kapena osakumbukira mmene wagwera, apite kuchipatala nthawi yomweyo, asadikire zizindikiro zina. Akasanza, mutu ukamawawirawawira, akamasinza masana kapena kuvuta kudzutsa, akasokonezeka, akagwa khunyu, dzanja kapena mwendo umodzi ukafooka, m'khutu kapena m'mphuno mukatuluka magazi kapena madzi oyera, musafunse tsiku kapena ola. Zipatala za ku Kanyama, Chawama, Matero, Chilenje ndi Chipata compound zimalandira anthu usiku wonse, ndipo zimatumiza ku chipatala chachikulu cha UTH kumene kuli madokotala a opaleshoni ya m'mutu. Pa CT scan, makina ojambula m'kati mwa mutu, magazi otere amaoneka msanga. Akatsegula fupa n'kuwachotsa nthawi ikadalipo, ambiri amachira n'kubwerera kuntchito. Ngakhale titamuuza kuti abwerere kunyumba, usiku woyambawo asagone yekha, asamwe mowa, ndipo pakasintha chilichonse mubwere nayenso. Palibe amene akukalipireni chifukwa chobwera kawiri.

Inunso amene mumathamangira pa ngozi, mtima wanu ndi wabwino koma manja anu amandiopsa. Musam'dzutse mokoka, musam'mwetse madzi, musam'zule helemeti ngati akupuma bwino. Khosi likhoza kukhala litathyoka, ndipo kupotokola kamodzi kokha kungam'siye osayendanso. Wina agwire mutu kuti usagwedezeke, wina aimbe 992.

Tsono lamba uja. Lamulo la Zambia limafuna helemeti kwa woyendetsa ndi wokwezedwa yemwe, koma ambiri mumaivalira apolisi ndi a RTSA oyang'anira za pamsewu, mwaikhazika pamutu ngati beseni. Bungwe la WHO linanena kuti helemeti yovalidwa moyenera imachepetsa ngozi ya imfa ndi 42 peresenti, ndi kuvulala m'mutu ndi 69 peresenti. Mawu oti "moyenera" musawadumphe. Mangani lamba mpaka pansi pa chibwano pazingolowa zala ziwiri. Chipewa chachikasu cha omanga nyumba si helemeti ya njinga, ntchito yake ndi kutchinga chinthu chogwa kuchokera pamwamba. Chimene chimateteza ubongo ndi chithovu cholimba choyera cha m'kati mwa helemeti ya njinga, ndipo chimagwira ntchito mwa kuphwanyika. Chikaphwanyika kamodzi chatha, ngakhale kunja kuziwala. N'chifukwa chake helemeti ya salaula sindiikhulupirira, simudziwa kuti inagwa ndi ndani. Pogula yang'anani kansalu kosokerera pa lamba, kokhala ndi E m'kati mwa kabwalo, osati sitika yomata imene aliyense angasindikize.

Mlongo wa mnyamata uja anabweranso patapita masabata awiri kudzatenga mapepala. Anandipeza pakhonde, n'kundifunsa motsitsa mawu: "Adokotala, tikanabwera naye pamene anasanza koyamba paja, bwenzi ali moyo?" Ndinafuna kumunamiza kuti mtima wake ukhale pansi. Ndinamuuza zoona, kuti mwayi unalipo waukulu, komanso kuti iye sanali ndi womuuza zimenezi usiku umenewo. Anangogwedeza mutu, n'kunena kuti mng'ono wawo wa malemuyo ndiye watenga njinga ija kwa abwana, wayamba Lolemba.