Chambo chadula ku Limbe, koma vuto layambira pa doko

Dzulo pa msika wa Limbe mayi wina amadandaula kuti chambo masiku ano ndi cha mabwana, nkumati nyanja yatopa basi. Ine ntchito yanga ndi ya ulangizi wa usodzi, ndakhala mmadoko zaka ndithu, ndiye ndinawauza kuti mayi, nyanja siitopa yokha ayi, nkhani imakhala yoti pa doko akulamula ndani komanso asodziwo amamumvera kapena ayi.

Chambo chimalera ana ake mkamwa, ndiye ukachikoka nthawi yoswana wapha mayi ndi ana omwe. Nchifukwa chake boma limatseka usodzi wa makoka pa nyanja ya Malawi miyezi ya Novembala ndi Disembala, ndipo lamulo la za usodzi lilipo kuyambira 1997. Koma lamulo lili pa pepala, pomwe mlangizi ndi mmodzi madoko ambirimbiri, boti loyendera pena lilibe mafuta, ndipo munthu amene kwawo kulibe ufa sangasiye kukoka ndi neti ya udzudzu usiku chifukwa choti ku Lilongwe analemba.

Ku Malombe chambo chitatheratu, mu 1993 anakhazikitsa makomiti a mmadoko, aja timati ma BVC, kuti asodzi eniake aziyang'anira nyanja limodzi ndi boma. Maganizo abwino zedi, ndipo mpaka lero ndimawaikira kumbuyo. Chinavuta nchoti mmadoko ena komiti inayamba kulimbirana mphamvu ndi mfumu, mfumuyo ikulandirako nsomba kwa eni makoka, ndiye komiti ikalanda khoka la maso ang'onoang'ono mawa lake labwerera mmadzi. Anyamata okokawo amaona zonsezo, ndiye iwo azimveranji?

Tsono pitani pa chilumba cha Mbenji ku Salima. Kumeneko kuyambira zaka za mma 1950 ufumu wa Makanjira umatseka chilumba nyengo ya mvula, cha mu Disembala, aliyense amasamuka, palibe zoti uyu ndi wachibale wa ndani. Mowa saloledwa, chamba ayi, juga ayi, wolakwa amalipitsidwa olo kuthamangitsidwa kumene, ndipo mlandu umaweruzidwa pamaso pa anthu amene mawa akumana nawe pa doko lomwelo. Lamulo lawo loletsa amayi kufika pa chilumbapo ine sindigwirizana nalo, poti ndi amayi omwewo amayanika ndi kugulitsa nsombazo mpaka zifike kuno ku Ndirande. Koma pa zotseka nyanja palibe amawaposa, chifukwa msodzi amalolera kudikira pokhapokha akudziwa kuti mnzake nayenso sakulowa mmadzi mwakuba. Akatsegula cha mu Epulo utaka umakhala ulipo wokula bwino, ndipo asodzi amachokera kutali kudzapempha malo.