Ayi, nalimata sakupatsira ana njoka zam'mimba

Sabata ino pa gulu lathu la WhatsApp kuno ku Salima kwafalikira voice note yoti ana akudwala njoka zam'mimba chifukwa cha analimata am'nyumba, mpaka mayi wina woyandikana nafe wapha onse ndi tsache. Zandiwawa ndithu.

Zoona n'zakuti nalimata amakhaladi ndi tinyongolotsi m'matumbo, tina timakhala m'mapapo ndipo amatitenga akadya mphemvu, koma tinyongolotsi timeneti n'ta mtundu wa abuluzi, si njoka zimene zimasowetsa ana athu mtendere. Njoka za anazi mazira ake amachokera m'chimbudzi cha munthu mnzathu, amalowa m'dothi, mwana n'kudya osasamba m'manja, zina zimaboola khungu la kuphazi akamayenda opanda nsapato. Nanga likodzo? Limenelo limachokera ku nkhono za m'madzi, mwana akamasambira ku Senga Bay kapena m'madambo, nalimata alibe nazo gawo olo pang'ono. N'chifukwa chake kusukulu amagawa mankhwala a albendazole a njoka zam'mimba ndi praziquantel a likodzo.

Ululu nalimata alibenso, zoti akagwera mu ndiwo banja lonse litha n'zabodza. Chomwe ndimaopa ine ndi zitosi zake, tija takuda tokhala ndi kadontho koyera kumapeto timapezeka pawindo, chifukwa timatha kukhala ndi kachilombo ka Salmonella komwe kamatsegula m'mimba. Ndiye vundikirani nsima ndi ndowa ya madzi akumwa, pukutani pashelefu, sambani m'manja ndi sopo. Nalimatayo musiyeni pafupi ndi babu usiku azidya udzudzu, kuno kunyanja tili nawo wambiri.