Zitenje pamwamba, sholo pansi: kalongedzedwe ka chikwama chopita nacho kochira

Usiku wina mu Julaye, kuli chisanu cholowa m'mafupa, mtsikana wa mimba yoyamba anafika ku leba komwe ndinali mzamba, mutu wa mwana utayamba kale kuoneka. Panalibe nthawi yolonjerana. Mwana atangotuluka ndinakuwa kuti, "Chitenje!" Azakhali ake, omwe anabwera ngati gadiyani, anagwada n'kuyamba kulimbana ndi zipi ya sutikesi. Pamwamba panali sholo yoyera ikadali m'pepala lake la kusitolo, kenako tinsapato, botolo la pauda, ndi diresi yodzavala potuluka. Chitenje chinapezeka pansi penipeni, chatsopano, cholimba ngati katoni, chosalawako madzi. Ndikupukuta nacho mwana madzi ankangotsetsereka osalowa m'nsalu. Anatiombola ndi mayi wina wa pabedi loyandikana, amene anasolola chitenje chosuluka m'jumbo yake n'kutiponyera.

Kuyambira usiku umenewo, ndikamacheza ndi amayi ku sikelo funso langa loyamba limakhala lakuti, "Mukatsegula chikwama chanu, dzanja liyamba kugwira chiyani?"

Chifukwa chake n'chakuti mwana amabadwa wonyowa. Amachoka m'mimba momwe mumatentha pafupifupi madigiri 37 n'kugwera m'chipinda chomwe mwina galasi la zenera linasweka chaka chatha. Thupi lake liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, koma khanda silitha kudzitenthetsa monga timachitira akuluakulufe, ngakhale kunjenjemera silidziwa. Madzi aja akamauma pakhungu amapita ndi kutentha kwa thupi, ndipo zimenezi zimachitika m'mphindi zochepa chabe. Mwana wozizidwa amayamwa mofooka, shuga amatsika m'magazi mwake, kupuma kumamuvuta, matenda nawo amamulowa mosavuta. N'chifukwa chake mzamba amafuna zitenje ziwiri pompopompo. Choyamba chimapukuta mwana mwamphamvu ndithu, kumsana ndi kumutu, ndipo kupukutako ndi komwe kumamudzutsa kuti alire. Chikanyowa chatha ntchito, timachikankhira pambali. Chachiwiri, chouma, chimafunditsa mwana ali chigonere pachifuwa pa mayi ake, khungu kukhudzana ndi khungu. Apo sitinawerenge choyala pabedi, chovala inu mukamakankha, chosinthira mukatha kusamba, ndi china chodikira tsiku lomwe mwana adzaipitse zonse nthawi imodzi. Ine ndimati zisachepere 6. Funsaninso ku sikelo kwanu, pakuti chipatala chilichonse chimatchula chiwerengero chake.

Zisakhale zatsopano zonse. Chitenje chakale cha thonje, chochapidwa bwino ndi sopo, choyanikidwa padzuwa n'kusitidwa, chimamwa madzi kuposa chodula chochokera m'sitolo dzulo. Ngati mwagula zatsopano, zichapeni kawiri kuti zifewe. Zovala za pa kaunjika zilibe vuto, bola zichapidwe ndi kusitidwa chimodzimodzi. Amayi ena amachita manyazi kutulutsa nsalu yosuluka pamaso pa anesi. Ifetu tikaiona timapumira m'mwamba.

Pamodzi ndi zitenje ziwiri zoyambazo pindirani chipewa cha mwana. Mutu wa khanda ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake, ndipo kutentha kochuluka kumathawira pamenepo. Chipewa ndi masokosi n'zofunika ngakhale mu Okutobala ku Chikwawa, nanji mu Juni ku Dedza kapena ku Mzimba. Timalaya titatu tofewa, matewera, ndi kabulangete kamodzi zikwanira masiku oyambirira. Musadabwe tikakuuzani kuti mwana asasambe mpaka patapita maola 24. Zoyerayera zomata pakhungu lake si litsiro, zimamuteteza, ndipo kumusambitsa msanga ndi njira yachidule yomuziziritsira.

Tsopano buku la sikelo. Likhale m'kathumba ka panja pa chikwama, litakulungidwa m'jumbo kapena m'pepala la shuga kuti mvula isalipeze. M'bukumo timawerengamo tsiku loyembekezera kuchira, mmene magazi akhala akuthamangira miyezi yonseyi, ngati magazi anali ochepa, zotsatira za HIV ndi chindoko, katemera wa kafumbata, Fansidar amene munamwa, komanso ngati munachitidwapo opaleshoni. Mayi amene matenda amugwira zenizeni sakumbukira zimenezi, ndipo sitimudzudzula. Mwinanso mudzayambira pa chipatala chaching'ono n'kutumizidwa ku chachikulu cha paboma usiku, kwa anthu amene sanakuonenipo. Buku ndi lomwe lidzakuyankhulireni mukadzalephera kuyankhula. Ikanimonso chiphaso chanu cha unzika, chimathandiza polemba fomu ya kalembera wa mwana.

Ngati mumamwa ma ARV, botolo lipite nanu. Malawi ndi dziko loyamba lomwe mu 2011 linayamba kupereka mankhwalawa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo, ndipo ana ambirimbiri abadwa opanda kachilombo chifukwa cha ndondomekoyi. Koma phindu lake limadalira kusadumpha, makamaka nthawi yochira ndi yoyamwitsa. Ndikudziwa chimene chimachitika: gadiyani ndi apongozi, iwo sadziwa, ndiye botolo limatsala dala kunyumba kuopa kuti aliona polongosola katundu. Liikeni m'kachikwama kanu ka m'manja, mudzanong'oneze mzamba. Ife tidzasunga chinsinsi, ndipo mwana adzayamba kulandira mankhwala ake omuteteza atangobadwa. Mankhwala a BP, a khunyu, a mphumu kapena a shuga nawonso asatsale.

Pali katundu wina amene ndimamutchula ndi kamtima kowawa, chifukwa kunena zoona anayenera kupezeka m'chipatala momwemo: pepala lakuda la pulasitiki lokwanira bedi lonse, leza yatsopano yosatsegula, ulusi womangira mchombo, ndi beseni. Zipatala zambiri zili ndi masizasi owiritsa ndi tizipanira ta mchombo, moti leza yanu ikhoza kubwerera kunyumba ili m'pepala lake. Koma tsiku limene achira amayi khumi usiku umodzi, magetsi atathima, makina owiritsira zida atazizira, leza ija imasanduka chida chenicheni. Pepala lakuda limakutetezani ku magazi a amene anagona pabedipo inu musanafike, limatetezanso wobwera pambuyo panu. Beseni ndi lanu losambira ndi kuchapira. Tochi, kapena foni yodzaza moto pamodzi ndi chaja yake, musaiwale. Palibe mzamba wa pa chipatala cha kumudzi amene sanasokepo bala powunikira ndi foni ya gadiyani.

Mwana akakubadwirani panjira, zomwe zimachitika ndithu, musathamangire lezayo. Mupukuteni, mumugoneke pachifuwa panu, mumuveke chipewa, mufunde nonse awiri, ulendo upitirire. Mchombo ukhoza kudikira. Nsengwa musaikoke.

Za inu mwini mayi, anthu amaziiwala chifukwa maso onse ali pa mwana. Mukachira magazi amatuluka ndithu masiku oyambirira, n'kumachepa pang'onopang'ono mpaka masabata 6. Tengani mapadi aakulu aja a amayi ochira, mapaketi awiri, kapena nyanda zoyera zochapa bwino zambiri, ndi mapanti okulirapo amtundu wakuda. Padi imatithandizanso kuyeza: mukaona kuti mapadi awiri anyoweratu pasanathe theka la ola, itanani nesi mokweza, musadikire kuti adutse. Sopo, kansalu kosambira, mswachi, mapatapata olowera ku bafa, ndi malaya otsegula kutsogolo kuti bere lituluke mosavuta. Amene wachira bwinobwino timamusunga maola osachepera 24, wa opaleshoni masiku atatu kapena kuposerapo, ndipo palibe amene amadziwiratu kuti adutsira ku fiyeta. Longedzani ngati mukukakhala masiku atatu. Fulasiki ya tiyi kapena phala, kapu, mbale ndi supuni ndi ntchito ya gadiyani. Njala ya mayi amene wangochira 3 koloko m'mawa siidziwa kuti khitchini ya chipatala imatsegula nthawi yanji.

Nanga chilongedzedwe liti? Apa ndi pomwe timakangana ndi akuluakulu. Kumadera ambiri amati kugula zovala za mwana asanabadwe n'kuitana tsoka. Mwambowu ndimaumvetsa, unabadwa nthawi imene makanda ankamwalira kwambiri, ndipo kupinda timalaya ta mwana amene sanativale ndi chisoni chosaneneka. Koma tsiku lolembedwa m'buku lija ndi longoyerekeza. Ana amene amabadwa pa tsiku lenilenilo ndi pafupifupi mmodzi mwa 20 alionse, ena onse amafika nthawi yawo, ambiri pakati pa masabata 37 ndi 42. Ndipo kwathu kuno obadwa masiku asanakwane ndi ambiri. Lipoti la World Health Organization la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse, ndi ana pafupifupi 18 mwa 100 alionse. Ziwerengero za pambuyo pake zinatsikako, koma pitani mukasuzumire m'chipinda cha kangaroo pa chipatala chilichonse cha paboma muone ngati muli bedi lopanda munthu. Njira ya kangaroo imeneyi, yomwe inayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, zida zake ndi chifuwa cha mayi, chitenje chomangira mwana pachifuwapo, chipewa ndi thewera. Mwana amene wafulumira ndi amene amafuna kwambiri zinthu zomwe tikuti zidikire. Choncho pofika miyezi 7 zitenje, chipewa, pepala lakuda ndi leza zikhale zitalowa, ndipo pofika masabata 36 chikwama chitsekedwe. Ngati agogo akukana za malaya, musalimbane nawo. Zitenje ndi zanu, palibe mwambo woletsa mayi kuchapa nsalu zake n'kuzipinda. Kachipewa kalowe m'kati mwa mpindirowo.

Amene mumakhala kutali ndi chipatala, amene muli ndi mapasa, amene munachitidwapo opaleshoni, kapena amene pakati pa mudzi wanu ndi chipatala pali mtsinje wodzaza mu Januwale, mzamba adzakuuzani kuti mupite kuchidikiro mwezi womaliza. Kumeneko katundu amachuluka: ufa, ndiwo zouma, mphika, ndowa, nkhuni kapena makala, mphasa, ndi neti yanu. Koma chikwama chochirira chikhale pachokha, chisasakanikirane ndi mapoto.

Ndalama ya thiransipoti nayo ndi katundu wa m'chikwama. Ya mu Mpamba kapena Airtel Money ndi yabwino masana, koma pakati pa usiku ejenti ali mtulo ndipo netiweki ili ndi zochita zake. Mangani ndalama yeniyeni pakona ya chitenje, yokwanira kupita ndi kubwerera, muonjezerepo podziwa kuti mtengo wa usiku si wa masana. Kambiranani ndi wa kabaza kapena wa galimoto mwezi ukadalipo, nambala yake mulembe pachikuto cha buku. Ndalama imeneyi si yobwereka kukagula relishi ya alendo kapena mayunitsi a magetsi, abambo mumve pamenepa. Ndipo chikwama sichidikira matenda okha. Mukaona magazi, nsupa ikasweka, mutu ukamawawa kwambiri maso n'kumachita chidima, nkhope ndi manja zikatupa, thupi likatentha, kapena mwana akasiya kusewera m'mimba, nyamulani muzipita, kaya mwezi wakwana kaya sunakwane.

Zina zitsale kunyumba. Botolo loyamwitsira ndi chitini cha mkaka musazitenge pokhapokha dokotala atanena. Mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena amaufinyira pansi poyesa kuti ndi woipa, ndi wochepa koma umakwanira kamimba ka mwana wa tsiku limodzi, ndipo ndi chitetezo chake choyamba ku matenda. Ayambe kuyamwa ola loyamba lisanathe. Pauda alibe ntchito, amangolowa m'mphuno. Pamchombo pasapakidwe phulusa, mafuta ophikira kapena mankhwala a zitsamba. Ngati achipatala akupatsani chlorhexidine pakani ameneyo monga akuuzirani, apo ayi pasiyeni pouma ndi paukhondo mpaka mchombo udzagwe wokha.

Chomwe ndikupemphani mogwada kuti musatenge ndi kabotolo ka mankhwala azitsamba a mwanamphepo, kamene kamabisidwa m'fulasiki kapena m'phala kuti matenda afulumire. Mankhwala amenewa alibe muyezo. Chiberekero chimatha kukoka mosapumira khomo lisanatseguke, mwana n'kubanika, nthawi zina chiberekero n'kuphulika. Ndaperekezapo ku fiyeta mayi amene anafika akuyenda yekha, akuseka, ndipo anatulukako wopanda mwana, wopandanso chiberekero. Ngati mwamwa kale, tiuzeni. Mwina tidzakwinya nkhope, koma tidzadziwa choyang'anira.

Chikwama chenichenicho chisakuvuteni. Chikhoza kukhala sutikesi, chikwama cha mizeremizere cha pamsika, ngakhale beseni lomwelo lomangidwa ndi nsalu, monga amachitira amayi ambiri akumudzi, ndipo iwowo ndi amene sasochera nazo zinthu. Ingopatulani: jumbo imodzi ya zofunika mu leba, yomwe muli zitenje zinayi, chipewa, pepala lakuda, leza, ulusi ndi mapadi awiri, ikhale pamwamba. Ina ya mwana, ina yanu. Sholo ija ikhale pansi, tsiku lake ndi lotuluka.

Mukatha, itanani amene adzakuperekezeni, kaya ndi bambo a kunyumba, amayi anu kapena achemwali. Muzimitse nyali, muwauze kuti atulutse buku la sikelo ndi zitenje ziwiri zoyamba. Akayamba kufunsa kuti zili mbali iti, yatsani nyali mulongedzenso.