Limu yakale ndiyo imasankha tayala

Galimoto za ku America zimene zimatchedwa muscle car, monga Pontiac GTO, Chevrolet Chevelle SS, Dodge Charger ndi Plymouth Road Runner, zinatchuka kuyambira 1964 mpaka pamene vuto la mafuta la 1973 linazifooketsa. Injini zake ndi zikuluzikulu za V8, koma mukagwada n'kuyang'ana kunsi mudzadabwa. Zambiri zinkatuluka m'fakitale zili ndi malimu a mainchesi 14, m'lifupi mwake mainchesi 6 okha. Masiku ano ngakhale kagalimoto kopitira kumsika nthawi zambiri kamakhala ndi malimu a mainchesi 14 kapena kuposa pamenepa.

Munthu amene wasunga malimu amene galimoto inabwera nayo, kaya ndi Rally II a Pontiac, Magnum 500 kapena Rally a Chevrolet, wachita bwino, ndipo ndimamulemekeza. Vuto limayamba tsiku logula matayala. Buku la galimotoyo likuti F70-14, wogulitsa akuti saizi yotero sanaimvepo, mnzanu naye akuti ikani lalikulu kwambiri limene lingalowe kuti galimoto ioneke yaukali. Pa atatuwa, amene ndimamuopa ndi mnzanuyo.

Manambala akalewo sali ovuta kumva. Chakumayambiriro ankalemba ngati 7.75-14, kutanthauza tayala la m'lifupi pafupifupi mainchesi 7.75 lolowa pa limu ya 14. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunabwera kalembedwe ka chilembo ndi nambala. Mu F70-14, chilembo F chimanena za kulemera kumene tayala linganyamule, choncho G limanyamula kuposa F ndipo ndi lalikulupo. Nambala 70 ikunena kuti khoma la m'mbali mwa tayala ndi lalitali 70 peresenti ya m'lifupi mwake. Goodyear Polyglas ndi Firestone Wide Oval, matayala odziwika a nthawiyo, ankalembedwa choncho. Chevelle SS ya 1970 inali ndi F70-14 pa limu ya 14x7 (ya mainchesi 14, m'lifupi mwake mainchesi 7), Mustang Boss 302 inali ndi F60-15 pa 15x7, pamene Plymouth AAR 'Cuda ya 1970 inabwera ndi E60-15 kutsogolo ndi G60-15 kumbuyo.

Kalembedwe ka lero mumakaona kale pa galimoto yanu. Mu 215/70R14, 215 ndi mamilimita a m'lifupi, 70 ndi peresenti ija, R akuimira radial (tayala limene ulusi wake umadutsa mowongoka kuchokera ku mkombero umodzi kupita ku winawo), 14 ndi limu. Ubwino wake ndi woti kutalika kwa tayala lonse mungathe kukuwerengera nokha. Tengani 70 peresenti ya 215, mupeza mamilimita 150.5. Khoma lili pamwamba ndi pansi, ndiye kuwirikiza kawiri ndi 301, amene ndi mainchesi 11.85. Phatikizani 14 wa limu, mwapeza pafupifupi mainchesi 25.9. F70-14 lakale linali lalitali mainchesi 26 ndi kachidutswa, n'chifukwa chake 215/70R14 ndilo limalowa m'malo mwake kawirikawiri. M'malo mwa G70-14 mumalowa 225/70R14, la mainchesi 26.4, ndipo m'malo mwa F60-15 mumalowa 235/60R15, la 26.1. Sizifanana ndendende, koma zimayandikana mokwanira.

Musanaitanitse chilichonse, yezani limu. Anthu ambiri amayeza kuchokera kumlomo wakunja mpaka kumlomo winawo, n'kupeza mainchesi 7, kenaka n'kumauza aliyense kuti limu yawo ndi ya 7. Ayi, imeneyo ndi ya 6. M'lifupi mwa limu timayeza mkati, pakati pa malo awiri amene mkombero wa tayala umakhalapo, ndipo muyezo wakunja umaposa pamenepo ndi pafupifupi inchesi imodzi. Malimu ambiri a kufakitale ali ndi chidindo cha saizi kapena zilembo pafupi ndi valavu kapena mkati, koma galimoto imene yadutsa m'manja ambiri kwa zaka 50 imatha kukhala ndi malimu osiyana, choncho yezani onse anayi, ndi ya sipeya yomwe.

Inchesi imodziyo ndi nkhani yaikulu. Wopanga matayala aliyense amalemba malimu amene saizi iliyonse ingakhalepo. 215/70R14 limalola limu ya mainchesi 5.5 mpaka 7, kotero pa 14x6 limakhala bwinobwino. 225/70R14 limayambira pa 6, ndiye pa limu imeneyi mwafika pamapeto. 245/60R14, limene ambiri amalilakalaka chifukwa ndi lonenepa, limafuna limu ya mainchesi 7 kapena kuposa. Wokhoma matayala angathe kulilowetsa pa limu ya 6, ndipo mpweya ugwira, koma kulowa sikutanthauza kuti lakhala.

Tayala lalikulu pa limu yopapatiza lili ngati mtanda wa nsima wochuluka m'kambale kakang'ono, umangofufuma pakati n'kusefukira m'mbali. Mikombero iwiri ikakokeredwa mkati, popondera pake pamakhala pobulungira. Pakati pokha ndi pamene pamagunda msewu, n'kutha msanga mapewa akadali atsopano. Munalipira ndalama ya mphira waukulu, koma wogwira phula ndi wochepa. Choipitsitsa chimaoneka pakona: khoma la tayala limapindika kaye galimoto isanamvere chiwongolero, ndiye mumamva ngati kumbuyo kukuyandama. Ena akaona pakati pakutha amachepetsa mpweya kuti tayala liphwatalale. Chonde musatero. Tayala lopanda mpweya wokwanira limatentha, ndipo kutsogolo kwa galimoto ya injini yachitsulo ngati 396 ya Chevrolet kapena 440 ya Dodge ndi Plymouth kuli katundu wambiri.

Kutalika nako kusungeni pafupi ndi kwa poyamba. Ine ndimalola kusiyana kosapitirira 3 peresenti. Sipidomita ya galimoto zimenezi imayendera kebulo yozunguliridwa ndi kagiya ka m'giyabokosi, ndipo kagiyako kanasankhidwa potengera tayala la kufakitale. Mukachoka pa la mainchesi 26 n'kuika la 28, monga 275/60R15, sipidomita ikamati 100 mumakhala mukuthamanga pafupifupi 108. Difu ya 3.55, kutanthauza kuti shafiti yochokera ku giyabokosi imazungulira ka 3.55 tayala likazungulira kamodzi, imayamba kukoka ngati ya 3.30, galimoto n'kumanyamuka mwaulesi. Mukapita ku lalifupi, monga 235/60R14 la mainchesi 25.1, injini imazungulira kwambiri pamsewu waukulu, ekizozi imayandikira pansi, ndipo pakati pa tayala ndi madigadi pamatsala mpata wosasangalatsa maso. Kagiya kaja kamasinthika ndipo si kodula, koma ndi bwino kudziwiratu.

Kenako pali malo. Kumbuyo, Mustang, Camaro ndi galimoto za Dodge ndi Plymouth zili ndi masipuling'i a malifu, ndipo khoma lamkati la tayala limadutsa pafupi nawo. Chevelle ndi GTO zili ndi masipuling'i ozungulira, choncho kumeneko mumayang'anira chasisi ndi chitsulo chamkati mwa madigadi. Kunja kuli mlomo wa madigadi, umene umadula mphira ngati mpeni galimoto ikalowa m'dzenje. Siyani mpata wosachepera theka la inchesi mbali zonse. Yezani kumanja ndi kumanzere komwe, chifukwa pa galimoto zambiri za nthawiyo bodi siinakhale pakati penipeni pa ekisele, ndipo sipuling'i yotopa imatsitsa mbali imodzi. Kutsogolo, khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto uku ndi uku galimoto ili pansi, osati pa jeke, mulowetse dzanja kuseri kwa tayala. Mukaona pamalo pamene penti yapukutika n'kumanyezimira, dziwani kuti tayala lakale linkakhudza kale pamenepo. Njira yosataya ndalama ndi kugula tayala limodzi, kulikhoma, kuliyesa pa ngodya zonse, kenako n'kuitanitsa otsalawo.

Funso lina limene limabwera nthawi zonse ndi la radial ndi bias-ply. Galimoto zimenezi zinapangidwira bias-ply, amene ulusi wake umadutsana mopingasa. Radial, amene Michelin inatengera umwini wake mu 1946, anachedwa kulowa ku America, moti galimoto yoyamba ya kumeneko kutuluka nawo ngati matayala ake enieni inali Lincoln Continental Mark III ya 1970. Ngati galimoto ndi yopita kuzionetsero kumene oweruza amawerenga zilembo za pa tayala, matayala akalewo amapangidwabe, ndipo Coker Tire ya ku Chattanooga ku Tennessee imagulitsa Firestone Wide Oval mpaka lero. Koma ngati ndi yoyendera, makamaka kugwa mvula, ine ndimati radial, mosakayika. Limagwira msewu, limaima msanga, silitsatira mizere ya m'phula. BFGoodrich Radial T/A ndi Cooper Cobra akupezekabe m'masaizi a 14 ndi 15, ali ndi zilembo zoyera zoyenerana ndi nthawiyo. Musasakanize mitundu iwiriyi pa galimoto imodzi. Mukasintha, kachititseni alaimenti kwa munthu wodziwa galimoto zakale, chifukwa radial amakonda caster (kupendekera kumbuyo kwa chitsulo chimene tayala lakutsogolo limakhotera) yochulukirapo ndi toe-in (kuloza mkati kwa matayala akutsogolo) yochepa. Ndipo popeza amagwira kwambiri, amakankhanso limu kwambiri, choncho limu ikakhala yopanda tayala ifufuzeni ming'alu pozungulira mabowo a mabawuti, komanso dzimbiri pamene mkombero umakhala.

Kwa amene muli ndi galimoto yotere kuno kwathu kapena ku South Africa, pali yesero limodzi. Tayala la minibasi, 195R14C, limapezeka paliponse, ndipo kutalika kwake ndi pafupifupi mainchesi 26.3, kofanana kwambiri ndi F70-14. Kukankhira galimoto m'galaja pamene mukuikonza lingathandize. Pamsewu ayi. Linapangidwira katundu, khoma lake ndi louma, popondera ndi popapatiza, ndipo galimoto ya mahatchi oposa 300 idzangolizunguza pamalo amodzi. Kuli bwino kudikira kuti loyenera lifike. Pogula, yang'ananinso chilembo cha liwiro: S amalola makilomita 180 pa ola, T amalola 190.

Ngati difu yanu ndi yogwira miyendo yonse iwiri, imene Chevrolet inkaitcha Positraction, Ford Traction-Lok ndipo Chrysler Sure-Grip, matayala awiri akumbuyo akhale ofanana kutalika nthawi zonse. Sipeya yaifupi ikayenda mtunda wautali kumbuyo imadya zamkati mwa difu. Amene mwasankha aakulu kumbuyo ndi aang'ono kutsogolo, sipeya yanu ikhale ya saizi yakumbuyo.

Masaizi a 14 amenewa sayenda malonda ngati kale, ndiye ena amakhalitsa m'sitolo. Pa khoma la tayala pali mzere woyamba ndi DOT, ndipo manambala anayi omalizira ndi sabata ndi chaka: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya 2019. Mukapeza manambala atatu okha, tayalalo ndi la chaka cha 2000 chisanafike. Galimoto zoterezi zimayenda pang'ono, choncho mizere imaoneka yatsopano pamene mphira unauma kalekale. Opanga matayala ambiri amati lililonse lokwanitsa zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino, ndipo la sipeya limene lagona m'buti limawerengedwa chimodzimodzi.