Mariya wa ku Magadala sanali hule ayi

Nkhani yoti Mariya wa ku Magadala anali hule timaimva mmaulaliki ndi mmasewero a Pasaka, koma tsegulani Baibulo mufufuze bwinobwino, vesi imeneyo mulibemo. Luka 8:2 amangoti anatulutsidwa ziwanda 7 basi, kenako akuti iyeyu ndi azimayi anzake monga Yohana ndi Suzana ankathandiza Yesu ndi ophunzira ake ndi chuma chawo. Mayi wochimwa uja anadzoza mapazi a Yesu pa Luka 7, dzina lake silinatchulidwe nkomwe.

Chisokonezo chinakula mu 591 pomwe Papa Gregory Woyamba polalikira ku Rome anaphatikiza azimayi atatu, wochimwa uja, Mariya wa ku Betaniya mlongo wake wa Lazaro ndi wa ku Magadala kukhala munthu mmodzi, ndiye alaliki ndi ojambula zithunzi anangotengera pompo kwa zaka mazanamazana. A Orthodox sanazitsatire zimenezi. Akatolika anadzawasiyanitsa azimayi atatuwa pa kalendala yawo mu 1969.

Zimandiwawa kwambiri chifukwa mbiri yabodzayi inaphimba ntchito yake yeniyeni. Pa Yohane 20 ndi iyeyu amene anayamba kuona Yesu atauka, akulira kumanda kuja, Yesu nkumuitana dzina lake kenako nkumutuma kuti akauze abale ake, nchifukwa chake amatchedwa mtumwi kwa atumwi. Za unsembe wa azimayi mipingo imasiyanabe, Akatolika amadzoza azibambo okha pomwe Church of England inayamba kudzoza azimayi mu 1994, koma mu 2016 Papa Francis anakweza tsiku lokumbukira Mariya wa ku Magadala la 22 Julayi kukhala chikondwerero ngati cha atumwi enawo.